Kuyeza Chifalansa cha Mdzukulu Wanga ku Canada

Dziko la Canada lili ndi zinenero ziwiri za boma, Chingerezi ndi Chifalansa, ndipo lamulo lokhazikitsa zimenezi linavomerezedwa m'chaka cha 1969. Anthu ambiri olankhula Chifalansa amakhala m'chigawo cha Quebec, koma m'zigawo zinanso muli makolo ochuluka amene amafunitsitsa kuti ana awo achidziwe chinenerochi, poti ntchito zambiri za m'boma zimakomera munthu wodziwa zinenero zonse ziwiri. Makolo otere amalembetsa ana awo m'makalasi amene eni ake amawatcha French immersion. Mawuwa akutanthauza kumiza. Mwana saphunzira Chifalansa ngati phunziro la mphindi 40 lokha ayi, amamizidwamo monga ndowa m'nyanja. Mphunzitsi amaphunzitsa sayansi m'Chifalansa, amaimbitsa nyimbo m'Chifalansa, ngakhale pouza ana kuti avale majekete asanatuluke panja amanena m'Chifalansa momwemo. Masiku ano ana oposa 400,000 m'dzikomo akuphunzira mwa njira imeneyi.

Ine ndinaphunzitsa kwa zaka 28 m'sukulu za pulayimale za m'mphepete mwa nyanja kuno. Nditapuma pa ntchito, mwana wanga wamkazi amene amakhala ndi banja lake m'chigawo cha Ontario anandiitana kuti ndikawathandize kulera ana, ndipo ndinakhala nawo kuyambira m'chaka cha 2024 mpaka pakati pa 2025. Mdzukulu wanga wamkulu, mtsikana wa zaka 7, anali mu giredi 2 m'kalasi yomiza ana m'Chifalansayi. M'nyumba timalankhula Chichewa chothira Chiyao, ndi anzake pabwalo amasewera m'Chingerezi, akalowa m'kalasi ndi Chifalansa. Pakhomo ponse panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa Chifalansa, kotero kuti mwana akamaimba nyimbo za kusukulu tinkangoomba m'manja osadziwa ngati akulondola kapena akupotoza.

Nkhawa inabuka mu Novembala 2024 pamene anabwera ndi lipoti loyamba. Kumeneko chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndipo malipoti amatuluka katatu. Loyambalo silikhala ndi malikisi. Limangonena ngati mwana akuyenda bwino kwambiri, akuyenda bwino, kapena akuyenda movutikira. Pa Chifalansa panachongedwa kuti movutikira, ndipo aphunzitsi anaonjezera kuti kuwerenga ndiko kukutsalira. Mkamwini wanga, munthu wofatsa koma wosachedwa kugamula nkhani, anati mwanayo asamutsidwire ku kalasi ya Chingerezi chokhachokha madzi asanafike m'khosi. Mayi wina woyandikana nafe anathirira ndemanga kuti zinenero zinayi pamutu pa mwana mmodzi ndi mtolo wothyola khosi. Mwana wanga anangoti, "Amayi, inu ndinu aphunzitsi. Tiyeni tipitire limodzi kusukulu mukadzimvere nokha." Nkhaniyi sinali yochepa, chifukwa mwana akachoka m'kalasi yotere sikawirikawiri kubwereramo. Pofika chaka chinacho anzake amakhala atapita kutali.

Mantha a mkamwini wanga anabadwira limodzi ndi maphunzirowa. Kalasi imene imatchuka kuti ndiyo chiyambi inatsegulidwa m'chaka cha 1965 ku St. Lambert, tauni ya kutsidya kwa mtsinje moyang'anana ndi mzinda wa Montreal, ndipo munali ana 26. Olimbikira anali makolo, makamaka amayi atatu, Olga Melikoff, Murielle Parkes ndi Valerie Neale. Akuluakulu a maphunziro ankakayika, poopa kuti ana adzaononga Chingerezi chawo, Chifalansacho osachigwiranso. Choncho akatswiri a pa yunivesite ya McGill, motsogozedwa ndi a Wallace Lambert, ankawayesa anawo chaka ndi chaka, n'kumawayerekeza ndi magulu awiri: ana olankhula Chingerezi ophunzira m'Chingerezi, ndi ana olankhula Chifalansa ophunzira m'Chifalansa. Zotsatira zake zinatuluka m'buku limene a Lambert analemba ndi a Richard Tucker m'chaka cha 1972. Zimene anapeza iwo, ndi ena amene anafufuza pambuyo pake, ndi zakuti pa zaka zoyambirira ana amatsalira pa kuwerenga ndi kulemba Chingerezi poti sanayambe kuchiphunzira m'kalasi, koma phunziro la Chingerezi likangoyambika amawapeza anzawo posachedwa, ndiponso masamu ndi sayansi sizionongeka. Zimenezo ndi zoona kwa ana ambiri mukawaphatikiza pamodzi. Ife tinkafuna kumva za mwana mmodzi.

Aphunzitsi ake anali mayi wa zaka za m'ma 40, amene ana onse ankangowatcha Madame. Tinalankhulana m'Chingerezi. Ndinkayembekeza kuti atiyalira pepala la mayeso, koma iwo anatulutsa fayilo yokhuthala. Munali zolemba za mwana kuyambira sabata yoyamba, timapepala tokhala ndi madeti pamene iwo ankalembapo zimene amumva akulankhula, ndipo pa tabuleti anasunga mawu ake ojambulidwa. Anatifotokozera kuti kuyambira m'chaka cha 2010 malangizo a unduna wa maphunziro ku Ontario, otchedwa Growing Success, amafuna kuti mphunzitsi atole umboni m'njira zitatu: zimene waona mwana akuchita, zimene wakambirana naye, ndi zimene mwanayo wapanga ndi manja ake. Chifalansanso sichipatsidwa malikisi amodzi. Kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba, chilichonse chili ndi mzere wake.

Makolo anzanga, funso loyamba limene timafunsa mwana tsiku lotsekera sukulu mukulidziwa: "Wakhala nambala chiyani?" Kumeneko nambala yotere kulibe. Mwana amayezedwa ndi muyeso wa giredi yake, osati ndi mnzake wokhala naye pa desiki. Chilembo B chimasonyeza kuti wafika pamene boma likuyembekeza, A wapitirira, C akuyandikira. Poyamba zinandisowetsa mtendere, poti nambala ija imathandiza kholo kudziwa msanga pamene mwana waima. Koma pa nkhani ya chinenero ndikuvomereza kuti kugawa kanayi kuja kuli ndi nzeru, chifukwa luso zinayizi sizikulira limodzi.

Za kumva sitinachedwepo. Madame amayesa kumva popanda kumuuza mwana kuti alankhule. Amapatsa ana mapepala ndi makirayoni n'kunena m'Chifalansa kuti jambulani bwato, pansi pa bwato ikani nsomba zitatu, yapakati ikhale yofiira. Wamva amajambula, wosamva amasuzumira kwa mnzake, ndipo mphunzitsi amaona zonsezo. Pa zimenezi mdzukulu wanga sankaphonya.

Pa kuwerenga m'pamene panali nkhani. Panali miyeso iwiri. Woyamba ndi wamfupi, wa mphindi zochepa, woona ngati mwana amazindikira malembo ndi maliwu ake, ndiponso ngati angalumikize maliwuwo kuti atuluke mawu. Unayamba kuchitika mokakamiza m'chaka cha 2024 kwa ana a chaka chomaliza cha mkaka, giredi 1 ndi giredi 2. Unabwera potsatira lipoti lotchedwa Right to Read limene bungwe loona za ufulu wa anthu ku Ontario linatulutsa m'chaka cha 2022, lodzudzula chizolowezi chophunzitsa ana kulota mawu poyang'ana chithunzi m'malo mowerenga malembo enieniwo. Wachiwiri ndi wakale, woyambitsidwa ndi mayi Marie Clay a ku New Zealand, ndipo lipoti lija linaudzudzulanso; Madame anati amaugwiritsabe ntchito mosamala, pofuna kumva ndi makutu awo pamene mwana akupunthwa. Mwana amawerenga mokweza kabuku kamene sanakaonepo, mphunzitsi ali pambali ndi pepala kuchonga liwu lililonse. Lolakwika amalemba momwe mwana walitchulira, ndipo akadzikonza yekha amaikapo chizindikiro china. Mwa mawu 100, akalondola 95 kapena kuposerapo kabukuko n'kosavuta kwa iye, pakati pa 90 ndi 94 ndi ka msinkhu wake wophunzirira, kutsika pa 90 kamulemera. Akamaliza amatseka buku n'kufotokoza zimene wawerenga. Timabuku take, totchedwa GB+, tinasanjidwa m'masitepe 30.

Mdzukulu wanga analakwitsa mawu 12 mwa 100. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti Madame sanaime pa nambalayo. Anatisonyeza kuti zolakwazo zinali za mtundu umodzi: mwana ankatchula chilembo chilichonse chimene wachiona. Tsono Chifalansa sichili choncho. Malembo atatu a "eau", kutanthauza madzi, amatchulidwa kuti "o" basi. Liwu loti "petit" chilembo chomaliza sichimveka. Liwu loti "beaucoup" lili ndi malembo 8 koma limamveka ngati "boku". Iye ankaliwerenga be-a-u-ko-upu. Mwana wanga anaseka mwamanyazi n'kuulula kuti asanayambe sukulu anamuphunzitsa a-e-i-o-u ndi ba-be-bi-bo-bu pa kabuku ka Chichewa, m'mene chilembo chilichonse chimalankhula. Madame anati chimenecho n'chizindikiro chabwino, chifukwa mwana amene wagwira kale mfundo yoti chilembo chimaimira liwu wadutsa pa mlatho wovuta. Chatsala ndi kumuphunzitsa magulu a malembo a Chifalansa limodzi limodzi.

Komabe sanafune kutilonjeza asanatsimikize chinthu china. Ananena kuti mwana akamavutika kuwerenga m'kalasi yotere, funso lalikulu ndi lakuti vutolo likukhala m'chinenero chiti. Ngati lili m'Chifalansa chokha, ndiye kuti ndi kusowa mawu ndi chizolowezi, ndipo nthawi ndi chithandizo zimachiza. Ngati lili m'zinenero zake zonse, ngakhale cha kunyumba, ndiye kuti pangakhale vuto lenileni la kuwerenga lofunika akatswiri, ndipo kumusamutsira ku Chingerezi sikulichotsa, amangopita nalo. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene a Fred Genesee, a ku McGill komweko, akhala akulemba kwa zaka zambiri, kuti ana ovutika kuphunzira amene ali m'makalasi omiza nthawi zambiri amachita mofanana ndi anzawo a vuto lomwelo amene ali m'makalasi a Chingerezi. Chingerezi cha mwanayo sukulu inkatha kuchiyeza yokha. Chichewa ndi Chiyao panalibe wodziwa. Pamenepo Madame anatembenukira kwa ine n'kundipatsa ntchito: ndikamusimbire nthano m'chinenero chathu, mawa lake andibwezere, ndione ngati akuyamba poyambira n'kumaliza pomalizira, ndiponso ndisewere naye masewero odula mawu.

Ntchito imeneyi ndinaigwira sabata ziwiri, madzulo kunja kuli chipale. Ndinamusimbira nthano ya Kalulu ndi Njovu, ndi ina ya msodzi amene anakola ng'ona mu ukonde. Pobweza sankasiya kanthu, ankafika mpaka posintha mawu kuti Njovu imveke yonenepa. Nthawi zina liwu la Chichewa likamuthawa ankaikapo la Chingerezi n'kupitiriza. Kenako masewero aja. "Ukachotsa 'nya' pa 'nyanja' patsala chiyani?" Iye, "Nja, Anganga." "Nanga nditchulire mawu atatu oyamba ngati 'chambo'." Iye, "Chala, chakudya, chaka." Ndinalemba zonse m'kope monga tinkachitira ndi sikimu, masiku ndi mayankho ake, ndipo kopelo linakalowa mu fayilo muja. M'zaka zanga zonse za uphunzitsi sindinaonepo umboni wa agogo ukusungidwa pamodzi ndi zotsatira za mayeso a boma.

Tsono ndinene za kulankhula, chifukwa apa m'pamene kholo losadziwa chinenero limanyengedwa mosavuta. Ife tinkamva mwana akuthamanga ndi Chifalansa ngati wailesi, n'kumati watha. Madame anatiseweretsa mawu ojambulidwa n'kumaimitsa apa ndi apo. Pofuna kunena kuti wamaliza, ana ambiri a m'makalasiwa amati "je suis fini" m'malo mwa "j'ai fini", poti akunyamula kamangidwe ka Chingerezi n'kukaveka mawu a Chifalansa. Mdzukulu wanga ankateronso, potengera anzake. Koma ponena zaka zake ankalondola, "j'ai sept ans", pamene anzake ambiri ankalakwitsa. Nditafunsa tanthauzo lenileni la mawuwo ndinaseka ndekha: Mfalansa amati "ndili ndi zaka 7", amati "ndili ndi njala", ndendende ngati ife, pamene Mngerezi amati "ndine 7". Chinanso ndi "tu" ndi "vous", amene ali ngati iwe ndi inu. Ana oleredwa m'Chingerezi, m'mene wamkulu ndi wamng'ono onse ali ndi liwu limodzi, amanena "tu" ngakhale kwa ahedi. Mwana amene anadzudzulidwapo kunyumba chifukwa chonena "iwe" kwa anganga ake safuna kufotokozeredwa kawiri. Sindinganene kuti Chichewa ndicho chinamuthandiza pa zonsezi, koma mtolo wothyola khosi uja ndinayamba kuuona mwina.

Chimene chinkamuvuta kwenikweni ndi "le" ndi "la". M'Chifalansa dzina lililonse ndi lachimuna kapena lachikazi, tebulo ndi chachikazi, buku ndi chachimuna, ndipo mawu ozungulira dzinalo amasintha motsatira, monga ife timanenera kuti nyumba yanga koma munda wanga. Mlendo akati "nyumba wanga" timamumva ndithu, ndipo chifukwa choti tamumva sitimukonza. Vuto la makalasi omiza ndi lomwelo. M'chaka cha 1985 mayi Merrill Swain a ku Toronto analemba za ana a giredi 6 amene anamizidwa m'Chifalansa kuyambira ali aang'ono. Pa kumva anali pafupi ndi eni chinenero, koma polankhula ndi polemba galamala yawo inali yotsalira. Iwo anati kumva kokha sikukwanira, mwana ayenera kukankhidwa kuti atulutse yekha mawu olondola. M'chaka cha 1997 a Roy Lyster ndi a Leila Ranta anamvetsera makalasi anayi a pulayimale a m'dera la Montreal, napeza kuti pa kukonza konse kumene aphunzitsi ankachita, koposa theka kunali kungobwereza molondola zimene mwana walakwitsa, ndipo njira imeneyi ndi imene kawirikawiri mwana sankaizindikira kuti akukonzedwa. Amangoyesa kuti aphunzitsi akuvomereza. N'chifukwa chake Madame akamva "le table" amakweza nsidze n'kufunsa, "Le?", kenako n'kudikira. Pa kapepala kawo amalemba ngati mwana wadzikonza yekha kapena wachita kuuzidwa, pakuti awiriwo sali pa sitepe imodzi.

Pa sayansi anatisonyeza chinthu chaching'ono chimene ndachiganizira kwambiri. Giredi 2 imaphunzira za zinthu zamadzimadzi ndi zolimba. Funso linali lofotokoza zimene zimachitika ayezi akaikidwa padzuwa. Zimene mdzukulu wanga analemba zinali mawu anayi okhotakhota. Madame anamupatsa mpata wojambula ndi wofotokoza pakamwa akuloza chithunzi, ndipo zinaoneka kuti akudziwa kuti ayezi amasungunuka n'kusanduka madzi, madziwo ukawabwezera mufiriji amaumanso. Pa sayansi anamupatsa zomuyenera, ndipo mawu anayi okhota aja anakawerengedwa ku mzere wa kulemba.

Sindikanatha kuona zonsezi osakumbukira ana a Sitandade 1 amene ndinkawalandira kuno, ochokera m'nyumba za Chiyao chokhachokha, kudzakumana ndi Chichewa tsiku loyamba, kenako Chingerezi pa maphunziro onse kuyambira Sitandade 5. Nawonso ndi omizidwa, ngakhale palibe anawatchapo dzina limenelo. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Madame anali ndi ana 20 ndi shelefu yodzaza mabuku. Ine masiku ena ndinkaitana maina oposa 100 pansi pa mtengo, ndipo kumvetsera mwana mmodzi mmodzi akuwerenga kukanatha teremu yonse. Kwinanso, mwana wa ku Canada amamizidwa makolo atasankha okha, ndipo Chingerezi chake chimakhala champhamvu kunyumba, pa wailesi ya kanema ndi m'sitolo, kotero kuti Chifalansa chimangoonjezera. A Lambert omwe aja anasiyanitsa kudziwa zinenero ziwiri koonjezera ndi kochotsera, kumene chinenero chatsopano chimadya cha kunyumba. Kwa mdzukulu wanga chimene chili pangozi yodyedwa ndi Chiyao ndi Chichewa, ndipo zimenezo palibe lipoti la sukulu limene lidzazionetse.

Mkamwini wanga anavomera kudikira mpaka lipoti la mu Febuluwale. Pakati apo mwana ankakhala m'kagulu ka ana anayi katatu pa sabata, kuphunzira magulu a malembo aja, lero "ou", mawa "on", mkuja "eau". Lipoti litabwera panali A pa kumva, B pa kulankhula, C pa kuwerenga ndi C pa kulemba. Bambo ake analiyang'ana nthawi yaitali, nafunsa mwanayo ngati akufuna kusintha kalasi. Iye anakana, chifukwa choti mnzake wapamtima ali momwemo, osati chifukwa cha Chifalansa. Mu Juni kuwerenga kunakwera kufika pa B, kulemba kunakhalabe pa C.

Ndinabwerera kumudzi sukulu zitangotsekera. Mwana wanga anandiuza pa foni kuti fayilo ija inaperekedwa kwa aphunzitsi a giredi 3, kope langa lili momwemo, ndipo pamwamba pake Madame anamatapo kapepala konena kuti mwanayu akusokonezabe "u" ndi "ou", ndiponso kuti polemba amaiwala "s" wosamveka wa kumapeto kwa mawu ochulukitsa.